Zaka Zinayi Osakhudza Mpira

Uthenga wa maliro unandipeza Lachiwiri m'mawa ndili kuntchito ku Mississauga, pafupi ndi Toronto, m'chinyumba chosungiramo katundu, ndikumata mapepala pamakatoni. Anaimba foni ndi mkazi wanga. Anati mwana wa mnzanga, wamkulu thupi uja, wagwa pabwalo la sekondale imene ankaphunzitsa, ana asukulu akuona, ndipo pofika naye kuchipatala n'kuti atatisiya kale. Unali mtima. Anali atangodutsa zaka makumi anayi, ndipo anasiya mkazi ndi ana aakazi awiri.

Nditaweruka tinapita kwa makolo ake kukapepesa. Pabalaza panali podzaza amayi atakhala pansi akuimba nyimbo za maliro, abambofe titapanikizana m'galaja, poti kunja kunkazizira moti sitikanatha kukhala panja monga timachitira kwathu. Bambo a malemu ndi munthu wophunzira, anagwira ntchito ya zamankhwala pachipatala china chachikulu m'kati mwa Toronto mpaka kupuma, ndiponso ndi mkulu wa mpingo wathu. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, ndipo kuno ndinabwera ngati chikwama cha mkazi wanga, amene ndi namwino. Koma chifukwa sindiyenda wopanda buku la kulaibulale m'thumba la jekete, mkuluyu amanditchula kuti a pulofesa. Anayamba mongondiseka, kenako dzina linakhazikika, moti ana ena a mumpingo amaganiza kuti ndimaphunzitsadi penapake.

Tsiku limenelo anandikokera kukhitchini n'kutseka chitseko.

"A pulofesa, mbiri ya mwanayu mulembe ndinu, ndipo mukaiwerenge ndinu Loweruka kutchalitchi. Muikemo kumene anabadwira, ubatizo, madigiri ake awiri, ukwati, ntchito. Za mpira uja musiye. Tisamuchititse manyazi munthu atagona kale."

Ndinangogwedeza mutu, popeza namfedwa sutsutsana naye tsiku loyamba. Koma m'galimoto pobwerera ndinauza mkazi wanga kuti ndikasiya za mpira ndiye kuti taika m'manda munthu wina, osati ameneyu. Ndipo chinkandipweteka kwambiri n'chakuti bambo ake ankanena zimenezi mwachikondi. Ankakhulupiriradi kuti mwana wawo anali wolephera pa masewero aja, ndipo ankafuna kumubisira.

Kuti zimveke ndiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zopitirira makumi awiri.

Mnyamatayu anabwera kuno ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, wowonda ngati bango. Sindidziwa chimene anadya, koma pomaliza sekondale ankachita kuwerama polowa m'chipinda chapansi cha tchalitchi. Atalowa yunivesite yaikulu ija ya ku North York anamutenga m'timu ya mpira wa kuno, wosongoka mbali zonse uja, umene amasewera atavala zisoti. Nkhaniyi inalengezedwa m'tchalitchi pakati pa za ubatizo ndi za chiyanjano cha amayi. Nthawi imeneyo Amalawi tinali ochepa, choncho mwana mmodzi akachita bwino ankakhala wa tonse. Loweruka la masewero ake oyamba tinanyamuka gulu lonse, pa sitima yapansi, kenako pa basi, amayi atamanga zitenje pamwamba pa majekete. Wina ananyamula kang'oma. Bambo ake anavala suti ndi tayi.

Sitinali mbuli zotheratu. Tinkadziwa kuti mpira umenewu amaugwira ndi manja ndiponso kuti kugwetsana n'kololedwa. Koma tonsefe tinakula tikumenya chikulunga pafumbi, ndipo tinkadziwa chinthu chimodzi chimene palibe akanatitsutsa: wosewera wabwino ndi amene mpira umamufuna kawirikawiri, ndipo wabwino koposa ndi amene amagoletsa.

Mnyamatayo atatulukira pabwalo, mapewa ngati kabati, amayi analuluta mpaka azungu a m'mipando yakutsogolo anacheuka n'kutiombera m'manja. Masewero anayamba. Mwana wathu anawerama, dzanja limodzi pansi, n'kugundana ndi chimunthu china chofanana naye. Wezulo inalira. Anadzuka, anakaunjikana ndi anzake ngati akunong'onezana miseche, anabwerera, anawerama, anagundananso. Mpira unkapita kwa kamnyamata kena kowonda kamene kankauponya, kapena kwa kena kakafupi kamene kankathawa nawo. Ife tinkangodikira kuti nthawi yake ikwana.

Litadutsa ola lathunthu, mnzathu wina wa ku Chipata, injiniya wosasunga mawu m'kamwa, anasendera kwa bambo ake.

"Mudala, manje mwana wanu bazamupasa liti bola? Kapena banayambana ku nyumba?"

Tinaseka, koma bambo ake sanaseke. Mayi wina anati ndi tsankho basi, mpaka tinamuonetsa kuti kothamanga ndi mpira kaja n'kakuda kuposa tonsefe. Wina anati mwina poti ndi watsopano. Timu yawo itagoletsa, onse anathamangira kukanyamula kakafupi kaja, wolengeza anatchula dzina lake katatu, ndipo la mwana wathu silinamveke. Kang'oma kanakhala pansi pa mpando mpaka mapeto. Bambo ake anaimirira masewero asanathe, anakonza tayi, nati ali ndi ntchito kuchipatala. Sanapondenso pabwalo lija. Anthu akawafunsa ankati mwanayo akuphunzira sayansi, ndipo amachitako zolimbitsa thupi pang'ono.

Ine ndinabwererako, ndipo ndisanamize kuti chinali chikhulupiriro. Ndinali nditagula sikafu ya mtundu wa timuyo, ndipo ndinkaona kuti sinagwire ntchito mokwanira. Koma chinandivutanso n'chakuti aphunzitsi a timu si amisala, sangasunge munthu pabwalo maola atatu ngati alibe phindu. Choncho ndinachita zimene ndimachita chilichonse chikandizunguza mutu, kuyambira misonkho mpaka matenda a shuga: ndinapita kulaibulale.

Mayi wa pakauntala anandipezera buku lodzaza timizere, timitanda ndi tizilembo tozungulira. Ndinaliwerenga masabata atatu m'basi, dikishonale ili pabondo, ndipo kawiri konse ndinapitirira siteji yanga. Tsiku lina, pa tsamba limene ndikulikumbukirabe kuti linali ndi dontho la khofi wa munthu wina, ndinapeza zimene zinandichititsa kutseka buku n'kuyang'ana padenga la basi. Pa anthu khumi ndi awiri a mbali imodzi, asanu amaima kutsogolo ngati mpanda. Amenewa lamulo limawaletsa kuwakha mpira woponyedwa. Ngakhale nambala ya pamsana pawo imakhala youza woimbira kuti uyu asaugwire. Ndiye kuti gulu lonse lija, ndi zitenje zathu ndi kang'oma kathu, tinakhala pamphepo maola atatu kudikira chinthu choletsedwa. Zinali ngati kupita ku ukwati n'kubwerako okwiya kuti abusa sanavekedwe mphete.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kudziphunzitsa kusayang'ana mpira. N'kovuta kuposa mmene mungaganizire. Maso amautsatira okha ngati nkhuku ikaona chimanga. Ndinkachita kutchinga ndi chikhato mbali imodzi ya nkhope, anthu n'kumaganiza kuti dzino likundiwawa. Koma nditazolowera ndinaona zimene ophunzira a payunivesitepo ankaziona kale. Mpira ukangoyamba, mwana wathu uja ankabwerera phazi limodzi m'mbuyo, n'kuthamanga chopingasa kuseri kwa anzake, mopepuka ngati wovina, n'kukatulukira kumene adani sakuyembekezera. Amene wapezeka pamenepo ankachotsedwa ngati mpando. Ndipo pa mpata umene watsekukawo m'pamene kakafupi kaja kankadutsa ndi mpira, kali chilili, malaya ake oyera. Ophunzira ankabwera ndi chikwangwani cha nambala yake. Mzungu wina wokalamba amene ndinkakhala naye pafupi, woti wakhala akuonera timuyo chiyambire unyamata wake, anandiuza kuti sanaonepo mapazi ofulumira chotero pansi pa thupi lalikulu chotero. M'chaka chachitatu anzake anamusankha kukhala kaputeni. Ine ndinkauza aliyense wa m'mipando ija kuti ndi mwana wa achimwene anga, ndipo sindinalapebe bodza limenelo.

Ndinayesa kamodzi kufotokozera bambo ake. Tinali pachakudya kunyumba kwawo, ndipo ndinandandalika mabotolo, mchere ndi makapu kuti akhale osewera. Ndikuonetsa mmene mwana wawo amathamangira chopingasa, chigongono changa chinagwetsa jagi ya juwisi pansalu yoyera ya mayi a m'nyumbamo. Mkuluyo anadikira kuti ndimalize kupukuta, kenako anati, "Ndiye mukuti ntchito yake ndi kutchinga njira. A pulofesa, ngakhale galimoto yowonongeka imatchinga njira." Anthu anaseka, inenso ndinaseka, ndipo sindinayambitsenso nkhaniyo. Pamenepo ndiye pali kulakwa kwanga. Ndinaopa kusekedwa kachiwiri, ndipo ndinakhala chete zaka makumi awiri.

Masewero akatha mnyamatayo ankabwera kumpanda, chisoti chili m'manja, nthunzi ikufuka m'mutu. "Ankolo, mwabwera," ankatero, ndipo Chichewa chake chinkathera pomwepo, zotsalazo ankayankhula m'Chingerezi. Nthawi zonse maso ake ankayamba ayang'ana kumbuyo kwanga. Tsiku lina anandifunsa ngati adadi ake amafunsako za masewero. Ndinati amafunsa kwambiri. Anandiyang'ana, anaseka, n'kundiuza kuti munthu wowerenga mabuku ambiri chonchi ndikanayenera kudziwa kunama bwinoko.

Ndiye Lachitatu la sabata ya maliro ndinalemba mbiri monga anandiuzira. Inakwana tsamba limodzi. Nditawerengera mkazi wanga anati ndi mbiri yabwino, ya munthu wabwino, ndipo ingathe kugwiranso ntchito pa maliro a wina aliyense mumpingomo.

Lachinayi masana kunyumba ya maliro kunafika azibambo anayi akuluakulu, ndevu zitayamba imvi, ndi wachisanu wamfupi woyenda motsimphina. Wamfupiyo ndinamuzindikira msanga, anali wothamanga ndi mpira uja, ndipo anayiwo anali amene ankaima ndi malemu pa mpanda uja. Onse anavula nsapato pakhomo, ndipo nsapatozo zinadzaza khonde lonse. Mkazi wa malemu anali atawalangiza, choncho anazungulira kupereka moni wa m'manja kwa aliyense, akuwerama movutikira kuti afikire amayi okhala pansi. Kwa bambo ake anapereka kachipangizo kakang'ono kolowetsa pa tivi, nati muli masewero onse a mwana wawo amene anajambulidwa. Mkuluyo anathokoza mwaulemu m'Chingerezi chake chosalala, n'kukaika pashelefu pamodzi ndi makadi achipepeso.

Lachisanu ndinapempha tchuthi. Ndisanachoke kuntchito ndinatenga chidutswa cha katoni chachikulu ngati tivi, n'kuboola pakati kawindo kokwana chikhato. Ndinafika kunyumba ya maliro masana, amayi atapita kuholo ya tchalitchi kukakonza za mawa, nyumba ili zii. Bambo ake ndinawapeza ali okha pabalaza, atavala juzi, akuyang'ana khoma. Ndinapempha mphindi khumi zokha, ndipo ndinalonjeza kuti akakanabe ndikawerenga tsamba lija mmene liliri osawonjezera ngakhale kadontho. Anayang'ana katoniyo, anandiyang'ana ine, nati bola pasakhale juwisi pafupi.

Ndinayatsa tivi, ndinagwada patsogolo pake, n'kuphimba chithunzi chonse ndi katoni kusiya kawindo kaja pa mwana wawo. Ndinawauza kuti mpira auiwale, kulibe, ayang'ane munthu yekhayo. Tsono kuyendetsa katoni motsatira munthu wothamanga, uli chogwada, uli ndi zaka zanga, si ntchito yamasewera. Ulendo woyamba ndinamutaya n'kuwaonetsa udzu. Wachiwiri ndinawaonetsa kumbuyo kwa woimbira. Mkuluyo anatsokomola. Wachitatu ndinamugwira bwino: phazi m'mbuyo, liwiro lopingasa, kenako munthu wa timu inayo akunyamuka m'mwamba miyendo ili balala.

Ndinabweza chithunzicho, ndinachotsa katoni, n'kuwauza kuti tsopano aone zonse. Anaona mpanda wa anthu wopanda podutsa. Anaona mwana wawo akutulukira kumbali n'kuung'amba. Anaona kakafupi kaja kakudutsa pomwepo, dzanja lake limodzi litagwira msana wa mwana wawo ngati mwana wogwira malaya a mkulu wake pamsika.

"Bwezaninso," anatero.

Ndinabweza kanayi. Nditafuna kunyamulanso katoni pa gawo lotsatira anandiletsa ndi dzanja, nati ndamuona, khalani pansi musathyoke mawondo. Anasendeza mpando kufupi ndi tivi. Mphindi khumi zija zinasanduka maola awiri. Ankafunsa ngati mwana wa sukulu: uyu akulozeranji, bwanji aima, chilembo chili pachifuwacho n'cha chiyani. Nditawauza kuti n'cha ukaputeni, ndipo kuti amasankha ndi osewera anzake, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Pena kamera inaloza kwa oonerera, ndipo panaoneka chikwangwani cha nambala ija, ndi kamunthu kena ka sikafu kakudumpha mopanda ulemu. Anandifunsa ngati ndikukadziwa. Ndinati sindinakaonepo.

Masewero omaliza pa kachipangizoko atatha, anafunsa osandiyang'ana.

"Iyeyu ankadziwa kuti sindinkamvetsa? Kapena ankaganiza kuti sindinkafuna?"

Apa mabuku anga onse sanandithandize. Ndinangowauza zoona, kuti ankafunsa za iwo, kuti ine ndinamunamiza, ndipo kuti anandigwira bodzalo n'kuseka. Ndinawauzanso kuti sindinamumvepo akuwanenera choipa, ngakhale kamodzi. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anati nditulutse pepala lija ndi cholembera.

Anandilembetsa ziganizo zinayi. Pa chachitatu tinakangana. Ndinati mbiri ya malemu si malo oti namfedwa aziululirapo zolakwa zake, kwathu sizichitika, akulu ampingo anzawo adzadabwa. Anati akulu ampingo adzadabwa n'kusiya, ndipo ngati ine ndikuchita manyazi adzaimirira okha kukawerenga, zimene zikanakhala zachilendo koposa. Ndinalemba. Atatenga pepalalo anandikonzera malembo awiri olakwika, poti ngakhale pachisoni munthu wophunzira saiwala kuti ndi wophunzira.

Loweruka tchalitchi chinadzaza mpaka pakhomo. Mbali imodzi kunali ife, Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, zitenje ndi masuti akuda. Mbali inayo kunali anthu amene ambiri a ife sitinawaonepo: azibambo otambalala moti atatu ankadzaza benchi, aphunzitsi, ndi ana a sekondale ovala majekete a timu imene malemu ankaphunzitsa. Ndinawerenga kaye m'Chichewa, kumene anabadwira, ubatizo, madigiri, ukwati. Kenako ndinafika pa ziganizo zija.

"Payunivesite anasewera mpira zaka zinayi osaukhudza, chifukwa ntchito yake inali yotsegulira anzake njira. Anzakewo anamusankha kukhala mtsogoleri wawo. Bambo ake anakamuonerera kamodzi kokha, sanamvetse, ndipo anachoka masewero asanathe. Dzulo amuonerera mpaka kumapeto, ndipo akuti ndikuuzeni kuti mwana wawo anali katswiri."

Kumbali yathu kunamveka kung'ung'udza kwapansipansi, kwa anthu amene akukumbukira kuti nawonso analipo tsiku lija. Mnzathu wa ku Chipata anaweramitsa mutu. Nditabwereza m'Chingerezi, mbali inayo wamfupi wotsimphina uja anaimirira. Anayi aja anaimiriranso, kenako benchi ndi benchi, mpaka ana a sekondale. Sanaombe m'manja, anangoima. Bambo ake anatembenuka pampando wawo wakutsogolo n'kuwayang'ana mmodzimmodzi, osafulumira.

Mapemphero atatha, ife abambo asanu ndi mmodzi a mumpingo amene tinasankhidwa kunyamula bokosi tinayandikira. Mkuluyo anakweza dzanja, n'kundiuza kuti ndikaitane anyamata aja, anthu a ndevu za imvi. Panafunika kuti ena a ife tipereke malo, ndipo woyamba kuchotsedwa ndinali ine, zimene msana wanga unavomereza ndi mtima wonse. Analinyamula mopepuka, mapazi awo akuyendera limodzi popanda wowawerengera. Ine ndinatsatira pambuyo ndi bambo ake. Tikutsika masitepe a tchalitchi anandigwira mkono, ndipo ndinkaganiza kuti afooka. Koma anasendeza pakamwa kukhutu kwanga n'kundifunsa kuti pa anayiwo, ndi uti amene ankaima kudzanja lamanja la mwana wawo.